Phewa la Pitala, Bondo la Jones

Kuseri kwa nyumba ya a Zipora Nambewe, m'mudzi wa Msinde kufupi ndi Nathenje, kudali chingwe cha waya chochokera pa mtengo wa mango kukafika pa nkhokwe. Loweruka lililonse m'mawa chingwecho chinkasenza majezi a matimu awiri. Obiriwira adali a Koleji ya Aphunzitsi ya Mlombwa, ku Mitundu. Ankabwera Lachisanu pa kaliyala ya njinga akununkha thukuta la Lachitatu, kuti achapidwe. Ofiira adali a timu ya m'mudzimo, ndipo ankangoyanikidwa kuti awombedwe mphepo asanavalidwe masana. Wophunzitsa matimu onse awiriwo adali mwamuna wa a Zipora, a Efulemu Kalilangwe, amene nthawi ngati imeneyo ankakhala pa khonde akupopa mipira n'kumaitosa ndi chala.

A Kalilangwe adabadwira kufupi ndi Nkhoma m'chaka cha 1941. Adayamba ntchito pa koleji ya Mlombwa mu Januwale 1968, kuphunzitsa masamu ndi masewero olimbitsa thupi. Adapezapo timu yomwe inkakwapulidwa ngakhale ndi ana a sekondale. Sadafunse nsapato zatsopano kapena mipira yambiri. Adangoletsa chizolowezi chomenya mpira m'mwamba ngati wothamangitsa akhwangwala m'munda. Mawu awo adali amodzimodzi chaka ndi chaka: "Mpira si mbalame, uziyenda pansi." Pofika 1974 padalibe koleji kapena sekondale m'chigawo chapakati imene inkagona tulo tabwino ikamva kuti mawa ikumana ndi Mlombwa.

Adakwatira a Zipora mu 1970, ndipo monga mwa mwambo wa kumeneko adamanga nyumba kwawo kwa mkazi. Mkati mwa sabata ankagona m'nyumba ya koleji, Lachisanu n'kupalasa njinga kupita ku Msinde. Ataona kuti anyamata a m'mudzimo ankathera Loweruka pa bawo ndi pa mowa, adapita kwa atsibweni a mkazi wawo, a Gilibati, munthu wofatsa amene adagwirapo ntchito ku migodi, kukapempha tsala lina lodzaza zitsa ndi zulu. Pa Sabata ya Achinyamata ya 1972 adalizula, kulisalaza, n'kuimika milongoti ya bulugamu. Timu itayamba adaika lamulo limodzi: wosaumba njerwa sangavale jezi. Lamulo limenelo ndi lomwe lidamanga zipinda ziwiri za sukulu ya pulayimale, nyumba ya mphunzitsi, ndi mlatho wa pa kamtsinje kamene kale kankatsekereza ana nthawi ya dzinja. Munthu akadwala mwakayakaya, anyamata a mpira ndiwo ankamunyamula pa machira mpaka ku msewu. Pa zonsezi a Kalilangwe sadalandirepo kanthu, ndipo sadapemphepo.

Motero adali ndi mayina awiri. Ku koleji ankati aKochi. Ku Msinde, popeza goloboyi ndi kaputeni wa timu adali Pitala, mlongo wake wa a Zipora, timu yonse idatengera pakamwa pa Pitala n'kumangoti alamu. Mayina awiriwo sankaombana, chifukwa koleji inkasewera Lachitatu ndi masukulu anzake, pamene Msinde inkasewera Loweruka ndi midzi inzake.

Zidasintha mu 1982. Akuluakulu a chipani m'bomalo adaika chikho choti apikisane matimu onse a kummwera kwa Lilongwe, a masukulu, a m'maesiteti ndi a m'midzi omwe. Ndime zoyamba zidagwa pa masiku osiyana, ndipo njinga ya a Kalilangwe idakwanitsa zonse. Obiriwira adapambana kwawo, ofiira adapambananso kwawo. Kumayambiriro kwa Novembala kudadziwika kuti ndime yomaliza, Loweruka pa 27, idzakhala ya Mlombwa ndi Msinde.

Woyamba kufunsa adali a Zipora, ali chiweramire pa beseni la majezi.

"Bambo a Rozina, tsiku limenelo ndidzachapa ati?"

"Mudzachapa onse, ngati kale."

"Kuchapa ndidzachapa. Koma inu mudzaima mbali iti?"

A Kalilangwe adaseka. Adawafotokozera mofatsa, monga ankachitira pa bolodi, kuti nkhaniyi idali samu yophweka. Chikho chikapita ku Mitundu ndi chawo, chikabwera ku Msinde ndi chawonso. M'boma lonselo padalibe munthu wina amene akadalowa ndime yomaliza atapambana kale. A Zipora adati samu adaimva, koma anthu si manambala. Adawapempha kuti asankhe timu imodzi, akauze inayo maso ndi maso kudakali nthawi. Ngati zimenezo zawalemera, auze onse awiri kuti tsikulo aima pambali, kapena apite ku Nkhoma akaone mayi awo.

"Munthu amene walima munda sathawa tsiku lokolola," adatero a Kalilangwe, n'kubwerera ku mipira yawo.

Lolemba lake mkulu wa koleji, bambo Matthews Chunga, adawaitana mu ofesi. Adawakumbutsa mwaulemu kuti nyumba imene amagonamo ndi ya koleji, ndipo kuti pa 27 akuyembekeza kuwaona pa benchi ya koleji. A Kalilangwe adati zimenezo n'zosachita kufunsa. Lachisanu lake a Gilibati adawafunsa pa khonde ngati mudzi ungawadalire. Adayankhanso kuti n'zosachita kufunsa. Mpaka pamenepo adali atangonama bodza laling'ono kawiri, ndipo likadatha kukonzeka.

Chidawapunthwitsa ndi kusekedwa. Kaputeni wa koleji adali Jones Malikebu, wa ku Chiradzulu, wophunzira wa chaka chomaliza, womwetsa zigoli amene matimu a mu mzinda wa Lilongwe adali atayamba kumufunsira. Adali wakamwa lakuthwa. Tsiku lina atamaliza kuthamanga, anzake onse ali pomwepo, adayankhula nkhope ili phee.

"AKochi, anyamata akufunsa. Poti tikasewera ndi kuchipongozi kwanu, tikafika pafupi ndi golo yawo tizivula nsapato n'kugwada, kapena kuwomba m'manja kokha kukwanira?"

Anyamata adagubuduka ndi phwete. A Kalilangwe adali munthu wopirira njala ndi dzuwa, koma osati kusekedwa ndi ana amene adawaphunzitsa kuima pa bwalo. Ena atabalalika adamuitanira Jones pansi pa mtengo, n'kumuuza chinthu chimene sichinkayenera kutuluka m'nyumba ya ku Msinde.

Mu 1979 Pitala adagwa pa denga la chigafa chake cha fodya akufolera, phewa lakumanzere n'kuguluka. Lidabwezeredwa, koma silidakhalenso lolimba. Kuyambira pamenepo, masewero aliwonse asanayambe, a Kalilangwe ankamulowetsa m'nyumba mwawo, kutseka chitseko, n'kumumanga phewalo ndi nsalu pansi pa jezi ya manja aatali. Mbali imeneyo ya golo adaikako wotchinga wamphamvu kuposa onse, Stanley woyendetsa ngolo, osamuuza chifukwa. Odziwa adali atatu okha: Pitala, mlongo wake, ndi iwo.

"Mpira wam'mwamba, kudzanja lake lamanzere," adamuuza Jones. "Sangatambasule mkono umenewo kawiri. Tsono ukawauze anzakowo ngati ndine wa kuchipongozi."

Jones adasiya kuseka. Adawagwira chanza ndi manja awiri.

Ku Msinde nako lilime lidali likuwadikira. Lachisanu lotsatira, atangotsika pa njinga pa bwalo, Pitala adawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Alamu, mwanenepatu masiku ano. Mpunga wa ku koleji ukukukondani. Tiuziretu, Loweruka lija tidzakuitanani alamu, kapena tizidzati bwana?"

Pakati pa munthu ndi mlamu wake mawu otere ndi nthabwala, ndipo tsiku lina a Kalilangwe akadabweza ndi ina yoposa. Koma Stanley adaonjeza mosaseka kuti pa msika wa Nathenje anthu akuti timu ya Msinde idagulitsidwa kale, ndipo kuti anyamata ena akuganiza zokaunga mizere m'malo motaya nthawi. A Kalilangwe adayang'ana bwalo limene adazula ndi manja awo. Adaitana Pitala ndi Stanley kuseri kwa golo.

Adawauza kuti Jones adabinya bondo lakumanja mu Julaye, ndipo amalimanga pansi pa sokosi yaitali. Odziwa adali iye mwini ndi kochi wake basi, chifukwa matimu a mu mzinda akadamva akadaleka kumufuna. "Sangatembenukire kumanja mwachangu. Mukamukankhira mbali imeneyo, watha."

Stanley adagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa pamene goli lili ndi mng'alu.

Pobwerera ku Mitundu Lamulungu madzulo, a Kalilangwe adaona kuti mtima wawo wapepuka. Adali atapereka chinsinsi chimodzi uku, chimodzi uko. Sikelo idafanana, ndipo palibe akadati adakondera. Adadziuza kuti adanena za kaseweredwe chabe, kumene mpira uyenera kupita ndi kumene munthu ayenera kuima. Sadaganize kuti mawu akachoka pakamwa amakagwira ntchito ndi miyendo ya eni ake ena.

Masewerowo adaikidwa pa bwalo la sukulu ina ya pulayimale, pakati pa Mitundu ndi Nathenje, kuti pasakhale wosewerera pakhomo. Koleji idabwera pa lole yake. A ku Msinde adabwera pa ngolo, pa njinga, ena pansi. A Kalilangwe adauza a koleji kuti atsogola kukaona bwalo, adauzanso a kumudzi chimodzimodzi, n'kupempha malo m'galimoto ya okonza mpikisano. Atafika adapeza mpando pafupi ndi tebulo la alendo olemekezeka, pa mzere wapakati penipeni, pamene chikho chidakhala pa nsalu yoyera. Kwa aliyense wofunsa ankati akuthandiza akuluakulu pang'ono, abwera posachedwa. Amayi adavina, wapampando wa chipani adayankhula nthawi yaitali, anyamata a chipani adakankhira anthu kunja kwa mzere ndi timitengo tawo. Cha ku Dzalanyama mitambo idali itayamba kuda.

M'mawa umenewo Pitala adamangidwa phewa ndi mlongo wake, chifukwa alamu ake sadaoneke.

Wezulo italira, a Kalilangwe adaona chinthu chimene sadachionepo pa zaka zonse za ntchito yawo. Timu ya koleji, imene adaiphunzitsa kuyendetsa mpira pansi, idausandutsa mbalame. Uliwonse unkauluka kupita kumanzere kwa Pitala, ndipo pansi pake pankakhala Jones ndi mnzake wina akulumpha ndi zigongono. Pitala ankautulutsa ndi dzanja lamanja, akupotoza thupi ngati nsomba, ndipo akadzuka ankachedwa kuongoka. Kumbali inayo Stanley sankayang'ana mpira. Maso ake adali pa sokosi yakumanja ya Jones. Chigawo choyamba chidatha popanda chigoli, koma woyimbira adali atatopa kale ndi kuliza wezulo.

Pa nthawi yopuma timu iliyonse idakhala pansi pa mtengo wake, ndipo iliyonse idatembenukira ku tebulo kuja. A Kalilangwe adanyamuka, n'kupita kwa obiriwira. Adati atsitse mpira pansi. Jones adawayang'ana modabwa n'kufunsa ngati nzeru ija yasintha. A Kalilangwe adangotembenuka. Adazungulira kumbuyo kwa khamu la anthu kuti akafike kwa ofiira, koma bwalo la sukulu lilibe pobisala. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa adawaona.

"Taonani aphunzitsi! Nkhuku iyi ikuikira zisa ziwiri!"

Anthu adaseka mbali zonse za bwalo. Atafika kwa ofiira, a Kalilangwe adauza Stanley kuti asewere mpira, asasewere munthu. Stanley adatafuna nzimbe yake osadzutsa mutu. Pitala adali atakhala payekha, dzanja lamanja litagwira phewa. Adawayang'ana alamu ake nthawi yaitali.

Chigawo chachiwiri sichidapite patali. Koleji idapeza kona. Mpira udabwera m'mwamba kumanzere, Pitala adalibenso njira ina koma kutambasula mkono womwewo, ndipo Jones adafika ndi thupi lonse. Mpira udalowa. Pitala sadadzuke. Amene adali pafupi adaona mkono ukulendewera ngati nthambi yothyoka ndi mphepo. Adamunyamulira kunja, mnyamata wina n'kuvala jezi yake. Mpira utangoyambanso, Jones adaulandira pakati, Stanley adamukankhira kumanja monga adauzidwira, kenaka adaponya miyendo yonse iwiri pa bondo lija. Kulira kwa Jones kudamveka mpaka pa tebulo.

Zotsatira zake zidachitika mothamanga. Ophunzira a koleji adalowa m'bwalo, a kumudzi adalowanso, timitengo ta anyamata a chipani tidagwira ntchito pa misana ya onse. Woyimbira adathetsa masewero. Wapampando adalamula kuti chikho chibwezedwe m'galimoto. Pomwepo mvula yoyamba ya chaka chimenecho idagwa, ya madontho akuluakulu, ndipo idabalalitsa anthu kuposa timitengo tija.

A Kalilangwe adathamangira kumene kudagona Jones. Ali m'njira adaona a Zipora atagwada pambali pa Pitala kutsidya lina, ndipo adabwerera. Asanafike adamva bambo Chunga akuitana dzina lawo, adatembenukanso. Pamene ankadutsa bwalolo kachitatu, anthu ena adali atagwirizana kale zanzeru: ovulala onse awiri adakwezedwa pa lole ya koleji kupita ku chipatala cha Nkhoma, a Zipora ali pomwepo. A pa lole adayesa kuti aKochi atsala ndi anthu a kumudzi kwawo. A pa ngolo adayesa kuti alamu akwera lole. Galimoto imene idawabweretsa idali itapita kale ndi chikho. Adatsala okha pa mzere wapakati, laimu wa mzerewo akusungunuka kuzungulira nsapato zawo. Adayenda pansi mpaka ku Msinde, mvula ili pamsana.

M'mawa mwake adapalasa njinga kupita ku Nkhoma. Pa msika adagula phava la nthochi. M'chipinda cha amuna adapeza Pitala ndi Jones atagonekedwa pa mabedi oyandikana, wina mkono uli pa chifuwa, wina mwendo uli m'chikhakha. A Zipora adakhala pa mpando pakati pawo. Asanalowe, a Kalilangwe adamva awiriwo akuseka, ndipo mtima wawo udatsika pang'ono. Atalowa kuseka kudatha.

"Afika eni ake," adatero Pitala. "Jones, iwe ndiwe mlendo kuno, yamba ndiwe kuwapatsa moni."

"Ayi achimwene, yambani inu. Ine sindikudziwa ngati lero ndi anga kapena ndi anu."

A Kalilangwe adaima ndi nthochi zija m'manja. Phava lidali limodzi, ndipo adasowa bedi loliikapo. Adafunsa za ululu, adafunsa zimene adokotala anena. Adayankha ndi a Zipora, mwachidule: Pitala sagwira khasu dzinja lonse lino, ndipo golo aiwale. Jones adzayenda, koma za mpira wa mu mzinda zatha.

"Mu lole muja mnyamatayu anandipepesa," adatero Pitala, mawu ali pansi. "Akuti sanafune kundithyola, amangochita zimene anauzidwa. Ndinamufunsa kuti za phewa langa wazidziwa bwanji, poti ngakhale Stanley sadziwa. Anandiuza. Ndiye nayenso anandifunsa za bondo lake. Ndinamuuza. Tinaseka, alamu. Ndi ululu wonse uja, pa mabampu onse aja, tinaseka mpaka achemwali anayesa tapenga."

"Ine ndinkanena za kaseweredwe," adatero a Kalilangwe. "Sindinatume munthu kuti avulaze mnzake."

Zimenezo zidali zoona, ndipo palibe adazitsutsa. A Zipora adanyamuka, adalandira nthochi zija n'kuziika pansi pafupi ndi khoma.

"Bambo a Rozina, phewa limeneli munkalimanga ndinu, m'nyumba mwanga. Chitseko munkatsekeranji?"

Funso limenelo lidalibe samu yoliyankha. Adakhalako kanthawi, kenaka adatsazika. Jones adatembenukira kukhoma. Pitala adati ayende bwino, aphunzitsi.

Ku koleji nkhani idawatsogolera. Bambo Chunga sadakalipe. Adati koleji ikadamvetsa munthu wosankha mudzi wa mkazi wake, ndipo ikadamulemekeza munthu woima pambali. Koma sikadaperekanso ana a eni m'manja mwa munthu amene amatenga chilema cha wophunzira wake n'kukachipereka kwa omutchinga. A Kalilangwe adapitiriza kuphunzitsa masamu. Wezulo ndi kiyi wa chipinda cha mipira zidapita kwa mphunzitsi wina wachinyamata. Ophunzira akakumana nawo ankati bambo Kalilangwe, mwaulemu wonse.

Ku Msinde palibe adawathamangitsa, ngakhale ena adanena kuti mkamwini wotere ayenera kuonetsedwa njira. A Gilibati adabwera okha madzulo ena, adakhala pa khonde, adayamba ndi za mvula. Kenaka adati zipinda za sukulu zija zilipo, mlatho ulipo, ndipo mudzi suiwala. Adatinso nazale ya Pitala yakhwima, nthaka yanyowa, ndipo fodya sadikira phewa.

Tchuti chonse cha Disembala a Kalilangwe adachithera m'munda wa mlamu wawo, kuwokera fodya ndi kupalira. Adagwira ntchitoyo bwino, monga ankagwirira ntchito iliyonse. Pitala ankabwera kudzaima kumutu kwa mizere, mkono uli m'nsalu, n'kumaloza pamene patsala. Ankayankhulana za fodya. Loweruka lina mkazi wa Stanley adafika ndi dengu, adati anyamata amutuma majezi ofiira, azisungidwa kwawo. A Zipora adawapinda n'kumupatsa. Kuyambira nthawi imeneyo timu yonse idatengeranso pakamwa pa Pitala: dzina loti alamu lidatha, lidatsala loti aphunzitsi.

Masewero aja sadabwerezedwe. Chikho chidakhala mu kabati ku ofesi ya chipani, popanda dzina la timu lolembedwapo.

Jones adamaliza maphunziro ake akutsimphina. Mu 1984 adatumizidwa kukaphunzitsa pa sukulu ina kufupi ndi Nathenje, ndipo woyamba kukamuchezera adali Pitala. Pasanathe mwezi, Jones adayamba kuphunzitsa timu ya Msinde, Pitala akumuthandiza kumbali ya magoloboyi. Lamulo la njerwa adalisunga. Stanley adapepesa, ndipo ndi ngolo yake imene inkakamutenga Jones tsiku la masewero bondo likavuta.

A Kalilangwe adapuma pa ntchito mu 1991 n'kukhazikika ku Msinde. Bwalo lili pafupi ndi nyumba yawo, kotero Loweruka masana ankamva zonse ali pa khonde. Nthawi zina mphepo inkabweretsa mawu a Jones akukalipira mnyamata wina kuti mpira si mbalame, uziyenda pansi. A Kalilangwe ankadzutsa mutu, n'kuutsitsanso. Palibe adawaletsa kupita kukaonera, ndipo palibe adabwera kudzawatenga. Pa chingwe cha kuseri kuja pankayanikidwa zitenje ndi malaya a zidzukulu.

Munthu akakhala m'phiri, mitambo n'kuda, phanga limodzi limamukwanira, ngakhale likhale lopapatiza. Amene waona awiri amayamba kuyeza. Akalowa ili amakumbuka lija, akathamangira lija amasirira ili, ndipo mvula imamupeza pakati. A Kalilangwe adali ndi malo ouma ku Mitundu, adali nawonso ku Msinde, ndipo onse awiri adawakumba ndi manja awo. Akuluakulu adanena kale: mapanga awiri avumbwitsa.